NDALAMA ZIWIRI ZA MSAMARIYA

Mwezi wathawu achemwali anga anakwera ndege ku Lilongwe ulendo wa ku South Sudan, kumene bungwe lina lothandiza anthu lawalemba ntchito yoyang'anira zipatala za ana onyentchera m'tauni ya Bentiu. Tsiku limene kalata yowaitana inafika, kwathu ku Ntcheu kunali chimwemwe chodzaza tsaya. Amayi analulutira, nkhuku ziwiri zinaona mpeni, ndipo malume athu, amene ndi mkulu wa mpingo, anaimirira pakati pa bwalo nalengeza kuti banja lathu latulutsa Msamariya wachifundo. Ine ndinaomba nawo m'manja. Koma popeza m'masamba ano sitinamizana, ndiulule kuti pamene manja anali kuomba, mutu unali kuwerengera. Malipiro a achemwali ndi a madola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi yanga ndi lendi ya kachipinda kanga ku Chikanda zakhala zikuwasowetsa tulo amayi. Kunena mosapsatira, ana a ku Bentiu akadapanda kunyentchera, mwina ine digiri iyi sindikanaimaliza.

Usiku umenewo ndinagona ndi funso, ndipo ndi limene ndabwera nalo kwa inu anzanga: kodi munthu angadye pa tsoka la mnzake, nkumatchedwabe wachifundo?

Ndiyambe ndafotokoza kumene apitako, poti ambiri aife dzina la Bentiu sitilimvaimva. South Sudan inalandira ufulu pa 9 Julaye 2011. Mu Disembala 2013 nkhondo inabuka pakati pa otsatira Salva Kiir ndi otsatira Riek Machar, ndipo Bentiu, likulu la chigawo cha Unity, inalandidwa ndi kulandidwanso kangapo. Anthu anathawira kumpanda wa asilikali a United Nations pafupi ndi tauniyo, ndipo msasa umene unamera pamenepo unakula mpaka kupitirira anthu 100,000. Mu Febuluwale 2017 kunalengezedwa njala yakupha m'maboma a Leer ndi Mayendit, m'chigawo chomwecho. Pangano la mtendere litasainidwa mu 2018, kunabwera mdani wina wosadziwa kusaina: madzi. Pofika 2021 anali atamiza minda ndi mabusa, nazinga tauni ndi msasa womwe, kotero kuti anthu anatsala m'kati mwa zipupa zadothi zounjikidwa ndi makasu ndi mathirakitala. Eni dera ambiri ndi Anuer, anthu a ng'ombe, amene ophunzira za chikhalidwe pano anawawerengapo m'buku la Evans-Pritchard la mu 1940. Ng'ombezo zinafa zambirimbiri, ndipo amayi a kumeneko anayamba kulowa m'madzi kukazula nyika, monga achitira abale athu a ku Nsanje chaka cha njala.

Tsono yankho loyamba la funso langa ndi lapafupi, ndipo sindichedwapo. Dotolo amadya pa matenda, loya amadya pa milandu, mmisiri wopala mabokosi amadya pa maliro, ndipo palibe amene amawanena kuti ndi mfiti malinga ngati sindiwo adzetsa tsokalo. Chaka chatha m'kalasi tinakangana za wasitolo wa Immanuel Kant, uja sabera makasitomala pongoopa kuti angamthawe. Kant amati kuona mtima kotere kulibe ulemu wa munthu wochita chabwino chifukwa choti ndi udindo wake. Zingakhale zoona, koma mwana wanjala akamanyambita chiponde salawa cholinga cha amene wampatsa. Tinawerenganso Peter Singer, amene mu 1972, poona mavuto a ku East Bengal, anatifunsa ngati tingadutse mwana akumira m'dziwe poopa kudetsa zovala. Fanizolo nlamphamvu, koma dziwe lake ndi la masana amodzi. La ku Bentiu lapitirira zaka khumi, ndipo lifuna anthu ophunzira ntchito amene adzadzukira komweko mawa ndi mkuja. Anthu otere ali ndi mimba, ali ndi amayi awo, ali ndi ang'ono awo ofuna fizi. Malipirowo ndilibe nawo mlandu.

Chimene chinandivuta ndinachipeza usiku wotsatira, achemwali akulongedza katundu. Ndinawaseka kuti, “Nanga a Msamariya, bulu wanu ali kuti?” Sanaseke. Anati, “Iwe, dzina limenelo usandiitane nalo. Sunabadwe nthawi imene ndinamuona munthu wonyamula kaundula.”

Amanena za njala ya 2002, imene boma la Bakili Muluzi linailengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko mu Febuluwale chaka chimenecho, nkhokwe za boma zitagulitsidwa. Anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi. Chimanga chothandizira chitafika, achemwali, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anaperekeza amayi kubwalo la sukulu kumene ankagawira. Pa tebulo panakhala mnyamata wovala chipewa cha bungwe, cholembera kukhutu, akuitana maina. Dzina lathu litatuluka, amayi anagwada m'fumbi naomba m'manja pamaso pa mnyamata amene akanatha kukhala mng'ono wawo, nkumati zikomo bwana, zikomo bwana. Ndipo mnyamatayo anagwedeza mutu ngati mfumu yolandira mtulo. Sanawanyoze, sanawabere ngakhale chibaba chimodzi. Anangolandira kugwadako ngati kuti chimangacho chinatuluka m'nkhokwe ya atate ake. Achemwali akuti thumbalo anaiwala kukula kwake, koma fumbi la m'maondo a amayi akuliona mpaka lero. “Tsopano kaundula uja akukampereka m'manja mwanga,” anatero.

Kwathu timati kupatsa nkuika, ndipo mwambiwu ndinauona ukugwira ntchito. Mudzi wathu uli pafupi ndi msewu waukulu wa ku Dedza, umene m'malo ena ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula cha mu 1986, anthu a ku Angonia anaoloka msewuwo ndi mitolo pamutu, ndipo pomafika 1992 dziko lathu laling'onoli linali kusunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi. Magalimoto a mabungwe asanafike, agogo anga anali atapereka kale khitchini yawo kwa banja lina, nawadulira kachigawo ka dimba. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, banjalo linabwerera kwawo. Koma mpaka agogo kumwalira, chaka chilichonse dengu la mbatatesi linkaoloka msewu kudza pakhomo pathu, ndipo pa maliro awo amene anakumba nawo manda anali ana a banja lomwelo. Wopatsa ndi wolandira anali a msinkhu umodzi. Aliyense ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, ndipo kuti tsiku lina dengu lidzayenda chobwerera.

Thandizo la mabungwe siliyenda choncho. Mayi wa ku Bentiu sadzaoloka msewu uliwonse kudzatula dengu pakhomo pa achemwali. Alibe pobwezera, ndipo munthu wosowa pobwezera amalipira ndi chimene watsala nacho: maondo ake, ulemu wake, nthawi zina ndi thupi lake lomwe. Izi sizongopeka. Mu 2002 momwemo, kafukufuku wa UNHCR ndi Save the Children m'misasa ya ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone anaulula kuti ena mwa ogawa zinthu ankagona ndi atsikana posinthana ndi chakudya ndi malona. Sindikhulupirira kuti amuna amenewo anayamba ntchito ali zilombo. Ndiganiza kuti anayamba monga mnyamata wa chipewa uja, pozolowera kugwadiridwa, kufikira anayamba kukhulupirira kuti thumbalo ndi lawo ndipo angalipereke kwa amene awakonda.

Apa mpamene ndinabwerera ku fanizo la malume, m'mutu 10 wa Luka, ndipo ndinapezamo munthu amene alaliki amamdumpha. Tonse timamdziwa wansembe, Mlevi, ndi Msamariya amene anatsika pa bulu wake. Koma Msamariyayo sanakhale ndi wovulalayo kufikira atachira. Anagona usiku umodzi, m'mawa mwake anatulutsa ndalama ziwiri, malipiro a masiku awiri a munthu waganyu nthawi imeneyo, nazipereka kwa mwini nyumba ya alendo, namlonjeza kuti zoonjezera adzabweza pobwerera. Kenaka anapita. Amene anatsuka mabala tsiku lachitatu ndi lachinayi, amene anataya mkodzo ndi kuphika phala, ndi mwini nyumba uja. Ndipo anachita zimenezi polipidwa, ndi ndalama za mwini wake.

Ameneyo ndiye mchemwali wanga, ndipo ndiye aliyense woyamba ntchito m'bungwe lothandiza anthu. Msamariya ndi wokhoma msonkho wa ku Oslo kapena mayi woponya chopereka m'mbale ku Glasgow, amene nkhope ya wodwalayo sadzaiona. Wantchito wa bungwe ndi wosungitsidwa chabe. Ndikuona kuti udindo umenewu ndi wotsika poyerekeza ndi umene malume anawaveka achemwali, koma ndi wolemera koposa. Msamariya akapereka wathana nazo, ndipo zikomo ndi wake. Mwini nyumba ali ndi ngongole mbali ziwiri: kwa mwini ndalama ayenera kuonetsa mmene yayendera tambala iliyonse, ndipo kwa wodwala ayenera kupereka chisamaliro chonse chimene chinalipiridwa, popanda kuyembekeza kuombedwa m'manja. Wodwalayo akalandira phala walandira zake. Akaona kuti phala lachedwa ali ndi ufulu wokalipa, monga mmene ife timakalipira ku kafeteriya.

Fanizolo silinena ngati Msamariya anabwereradi. Ife tinaona mu 2025, boma la America litatseka bungwe lake la USAID, kuti nthawi zina sabwerera. Zipatala zinatsekedwa m'maiko ambiri, kuno kwathu komwe anthu anachotsedwa ntchito, ndipo eni nyumba za alendo anatsala ndi odwala pamphasa, ndalama ziwiri zija zitatha. Achemwali akuyamba ntchito m'nyengo yotere, ndi kalata ya miyezi isanu ndi umodzi yokha.

Tsono taonani mmene ngongole ziwiri zija zimalimbanirana. Chida chachikulu cha ntchito yawo ndi kalamba kapepala kokhala ndi mitundu itatu, koyezera mkono wa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kufikira zaka zisanu. Mkono ukachepera masentimita 11.5, kalambako kamaonetsa kufiira, ndipo mwanayo amalembedwa kuti alandire chiponde. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 mpachikasu, kupitirira apo mpobiriwira. Chipondecho ife Amalawi timachidziwa bwino: anachipanga ndi André Briend wa ku France mu 1996, ndipo Mark Manary anachiyesera kuno kwathu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, naonetsa kuti mayi angathe kuchiritsa mwana wake kunyumba osagonekedwa m'chipatala. Kapaketi kamodzi nka magalamu 92, katoni imodzi imakhala ndi timapaketi 150, ndipo katoniyo ndiyo pafupifupi mankhwala onse a mwana mmodzi.

Ndinawafunsa achemwali kuti: bwanji kutabwera mayi amene wayenda m'madzi ofika m'chiuno kuyambira mbandakucha, mwana wake nkupezeka pa 11.7, pamene zakudya za ana a pachikasu zatha chifukwa ndalama zinadulidwa? Mamilimita awiri okha! Kalambako nkapepala, kukoka pang'ono chabe kafiira. Ndani angadziwe? Ndinawauza kuti ine ndikanakoka, ndipo ndikanagona tulo tabwino.

Anandiyang'ana monga amandiyang'anira ndikanena zachibwana. Anati makatoni amabwera owerengeka, ndipo kumalo ngati Bentiu, msewu ukamira, chilichonse chimadza pa ndege kapena pa bwato. Katoni imene wapatsa mwana wa 11.7 lero waichotsa m'kamwa mwa mwana wa 10.8 amene adzafike pa 28, mosungira katundu muli mbee. Kusiyana kwake nkwakuti woyambayo wamuona nkhope, winayo sunamuone. Anatinso ukayamba kukoka kalamba chifukwa mayi uyu wakulirira, mawa udzakokera amene wakugwadira bwino, mkuja amene wakubweretsera nsomba, ndipo wabwerera kwa mnyamata wa chipewa uja. Chimene angachite, anatero, nkumuuza mayiyo zoona m'maso muli gwa, kumpatsa tsiku lobweranso, kumuyeza mwanayo ngati ali ndi malungo kapena kutupikana, ndi kulemba m'lipoti chiwerengero cha onse amene anabwezedwa, kuti amene ali ku Juba ndi ku Geneva asanamizire kuti sanadziwe.

Mawu awo ndi anzeru kuposa anga, ndikuvomera. Komabe mtima wanga sunakhazikike kwenikweni, pakuti tanthauzo lake nlakuti mayi uja abwerere m'madzi momwemo, akadikire mwana wake aonde mamilimita awiri ena kuti ayenere thandizo. Lamulo limene lifuna zotere lingakhale lolondola, koma lisamatchedwe chifundo. Ndi kugawa umphawi mwachilungamo basi. Ndipo mwina ichi nchifukwa china chimene wogwira kalambako sayenera kulandira zikomo: dzanja lomwe lapatsa uyu ndi lomwe labweza uyo.

Pali chinanso chimene achemwali sanachiyembekeze, ndipo ndi chimene chandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi agwira ntchito ya mtundu womwewu kuno kwathu, pansi pa mabwana ochokera kunja. Ankabwera kunyumba akudandaula kuti mlendo wafika dzana, Chichewa sadziwa, kusiyanitsa mgaiwa ndi ufa woyera sadziwa, koma malipiro ake ndi ochuluka kangapo, nyumba ndi yaulere, ndipo pamsonkhano amayankhula ndi iye pamene eni dziko akumasulira. Lero mlendoyo ndi iwo. Chinuer sadziwa ngakhale kupempha madzi. Adzagona kumpanda wa alendo, adzapita kutchuthi kukapuma pakatha masabata angapo, ndipo zinthu zikavuta dzina lawo lili pa mndandanda wa okwera ndege. Mu Julaye 2016 nkhondo itabuka m'Juba, alendo ambiri anatulutsidwa m'dzikomo, eni dziko ogwira ntchito m'mabungwe omwewo natsala. Ndipo mwa antchito othandiza anthu amene amaphedwa chaka ndi chaka pa dziko lonse, ochuluka kwambiri ndi eni dziko. Khungu lakuda silifafaniza kusiyana kumeneku. Mwina limangokubisa, mlendoyo nkumadzinamiza kuti ndi mbale pamene thumba lake ndi pasipoti yake zikunena zina.

Akuluakulu a mabungwe nkhaniyi amaidziwa. Pa msonkhano wa ku Istanbul mu Meyi 2016 analonjeza kuti pofika 2020 gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zothandizira lizipita kwa mabungwe a eni dziko. Chaka cha 2020 chinafika nkudutsa lonjezolo lisanakwaniritsidwe. Makolo anati mlendo ndi mame, ndipo ananena pofuna kuti tizimsamala poti sakhalitsa. Koma mame akapatsidwa makiyi a nkhokwe, mwambiwo umafuna kuuonanso bwino. Mnyumba ya alendo ya ku Bentiu, mwini nyumba weniweni ndi namwino wa Chinuer amene analipo nkhondo isanayambe ndipo adzakhalapo kalata ya achemwali ikadzatha.

Ena mwa inu mudzati, ngati zili choncho, bwanji osangokhala? Kodi ku Nsanje ndi ku Phalombe, kumene namondwe wa Freddy anasesa mu Malichi 2023, ana onyentchera anatha? Funsoli ndinawafunsa, ndipo yankho lawo linali lopanda zokometsera: ntchito yawo ya kuno inatha pamene ndalama zinadulidwa, iyi ndi imene yapezeka, amaidziwa bwino, ndipo kunyumba kuli iwe ndi amayi. Sananene za maitanidwe kapena za kukonda mtundu wa anthu. Poyamba ndinakhumudwa pang'ono, poti ndinkafuna mawu oti ndidzawalembe m'ndakatulo. Pambuyo pake ndinaona kuti ndikadakhala ine mayi wa ku Bentiu, ndikadasankha kuyezetsa mwana wanga kwa munthu wodziwa kuti wabwera kudzagwira ntchito, kusiyana ndi kwa wina wodziyesa mpulumutsi, amene tsiku limene sindidzamthokoza mokwanira adzandiona ngati wosayamika.

Malume sindinawauze zonsezi. Ndi munthu wamkulu, ndipo nkhuku zinali zitadyedwa kale.

Uthenga woyamba wa achemwali unafika pa foni Lachitatu lapitali. Akuti kuchokera m'ndege anaona madzi okhaokha, mitu ya mitengo ikusuzumira, ndi kamzere ka dothi kozinga nyumba za malata ndi malona. Akuti sabata yoyamba sanagwire kalamba ngakhale kamodzi. Amangotsatira namwino wina wa komweko, bambo wamtali wa mizere pamphumi, amene anathawira mumsasamo mu 2014 ndipo ana ambiri a pamzere amawadziwa ndi maina a agogo awo. Ndiye akuwaphunzitsa moni wa kumeneko, wakuti “Maale”, ndiponso njira zoyenera kupewa dzuwa likalowa. Pa pepala la bungwe, bamboyo ali pansi pa achemwali. Akuti tsiku lachitatu gogo wina anawagwira dzanja ndi manja awiri nayankhula nthawi yaitali, ndipo iwo, poyesa kuti akuthokozedwa, anayamba kukana mwaulemu, kufikira womasulira anawauza kuti gogoyo akudandaula kuti mzere ukuyenda pang'onopang'ono ndipo pamalo odikirira palibe mthunzi. Akuti analemba dandaulolo m'kabuku kawo, ndipo mawa lake anakapempha lona.

Kumapeto kwa uthengawo anafunsa kuti fizi ya teremu ino ndi zingati. Ndinawauza yonse, osachotsapo ngakhale tambala.